Don Celerino ndi bokosi lawo la magetsi

Naini koloko ya m'mawa wa Loweruka inapeza Don Celerino ali kale pantchito. Anali atakhala pa mpando wawo wa pulasitiki pabwalo la mpanda wathu, pafupi ndi pochapira, kansalu kali m'manja, akupukuta timachubu tiwiri ta chitsulo timene tinali toyera kale. Pachifuwa cha kumanzere anali atamangirira tchaja ndi lamba wodutsa paphewa. Munthu akamatchaja sayendayenda, ndiye ankangokhala pomwepo ngati foni ya pakhoma, n'kumapukuta.

Pamiyendo pawo panali bokosi lathabwa, loda ndi manja, lokhala ndi lamba wachikopa wokolekera m'khosi. Linali lopepuka, chifukwa mabatire ake anali atachotsedwa kalekale ndi akazi awo, Doña Eduviges, n'kubisidwa.

"Mukupukutanso, madala?" anatero Doña Eduviges akudutsa ndi chimpoto cha msuzi wa mole. "Zitsulo zimenezo zidzatha ndi nsalu."

"Ndizichita chiyani nanga? Ndiziwerenga nkhunda?"

"Muzikumbukira mapazi a gule. Dzulo munamuponda mwana."

"Anadziponda yekha. Nsapato zake n'zazitali ngati makwerero."

Tsiku limenelo mdzukulu wawo Yatziri ankakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo masana kunali phwando lake. Bambo ake a mwanayo anapita kumpoto iye ali wakhanda, osabweranso, choncho gule woyamba, uja mtsikana amavina ndi bambo ake anthu onse akuonerera, anagwera agogo ake. Mwezi wonse ankayeserera pabwalo lomwelo, pakati pa zingwe zoyanikapo zovala. Chaka chapitacho Don Celerino sakanatha ngakhale kunyamula kapu ya khofi osadzithira. Tsopano dzanja lawo linkakhala pamsana pa mwanayo lili phee, ndipo chimene ankafuna pa dziko lonse chinali choti likhale choncho mpaka nyimbo ithe.

Ntchito yawo kuyambira ali mnyamata inali yogulitsa tokes. Anabwera ku Mexico City kuchokera kwawo ku Tlaxcala ndevu zisanamere, amalume awo n'kuwasiyira bokosi limenelo. Ankayenda m'mabala ndi m'malo odyera a pakati pa mzinda, bokosi lili pakhosi, akugunditsa timachubu tija, ngwe ngwe ngwe, kuti anthu adziwe kuti afika. Wofuna kuonetsa chamuna ankalipira, n'kugwira kachubu dzanja lililonse, iwo n'kumapotokola kabatani, magetsi akukwera m'mikono, mpaka munthuyo atakuwa kuti basi. Anthu akachuluka ankagwirana manja, awiri a kumapeto okha ndi amene ankagwira zitsulo, magetsi n'kudutsa mwa onse, kuseka ndi kukuwa kuli pamodzi.

Anali ndi malamulo awiri. Loyamba, m'mawa uliwonse asanatuluke ankagwira okha timachubuto, Doña Eduviges n'kuwapotokolera kabatani mpaka pamapeto. Ankati wophika wosalawa mphika wake ndi mfiti. Lachiwiri, sankayang'ana manambala a pabokosi, ankayang'ana nkhope. Mnyamata akabwera ndi chibwenzi chake, iwo akaona kuti milomo yayamba kuuma, ankabweza kabatani mwakachetechete uku pakamwa akuti, "Aa, uyu ndi chitsulo, bokosi langa lagonja." Mnyamatayo ankachoka chifuwa chili patsogolo, sabata yotsatira n'kubweranso. Ndi bokosi limenelo analera Marisela, mwana wawo mmodzi yekhayo, mayi ake a Yatziri, mpaka kumaliza sukulu.

Palinso nthabwala yakale imene aliyense wa ntchito imeneyi amaidziwa. Magetsi ali mkati, awiri a kumapeto aja amatsinzinirana diso, n'kusiya manja a anzawo, wina kumugwira mwini bokosi pakhosi, wina pamkono, kuti nayenso alawe. Don Celerino ankangoseka, mano ali gwa, osasiya kabatani. Ankati umenewo ndiye msonkho wa ntchito.

Matenda anayambira pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, dzanja lopotokolera. Kenako dzanja lonse, kenako mwendo n'kumakana kunyamuka akafika pakhomo. Anzawo a m'mabala sanachedwe. "Celerino, wagulitsa kunjenjemera moyo wako wonse, tsopano akupatsa basela." Iwo ankaseka nawo. Chimene sankaseka ndi manong'onong'o a azimayi a pochapira, oti ndi bokosi lija lawatha, magetsi anadzadzana m'thupi. Dokotala atawauza kuti ndi matenda a Parkinson, funso lawo loyamba silinali la mankhwala. Anafunsa ngati ndi bokosi. Dokotala anati ayi, matendawa amagwira ngakhale asisitere amene sanapondepo m'bala. Yankho limenelo analiuza mpanda wonse, khomo ndi khomo, koma palibe anasintha maganizo.

Mapiritsi anathandiza zaka zingapo, kenako anayamba kumatha mphamvu msanga, munthu n'kuumira panjira ngati chipilala. Marisela amagwira ntchito pa fakitale ya mabisiketi, ndipo makolo ake analembedwa pa inshuwalansi yake. Iye ndi amene anathamangathamanga, kuima pamizere, kupempha masiku kuntchito, mpaka madokotala anavomera opaleshoni. Anawaika tiwaya tiwiri mkati mwa ubongo, waya n'kudutsa pansi pa khungu kuseri kwa khutu, kutsikira m'khosi, kukafika pa kabatire kamene kali pachifuwa. Tsiku limene anakayatsa, dzanja linaima. Don Celerino analiyang'ana ngati mlendo wobwera kuchokera kutali. Asanadzuke n'komwe pampando anali atayamba kale kusankha bala loyambira.

Namwino ndi amene anawagwetsa mphwayi. Foni isamakhale m'thumba la pachifuwa. Pa zitseko za m'masitolo zogwirira akuba azidutsa pakati, osaima, osatsamira. Kwa owotcherera zitsulo asamayandikireko. Asanakhale pa mpando wa dokotala wa mano, kapena kulowa m'makina alionse a kuchipatala, ayambe aonetsa khadi lawo. Mapiritsi asasiye, chifukwa matenda sanachoke, angogonekedwa. Rimoti yoyatsira ndi kuzimitsira kachipangizoko aziyenda nayo kulikonse.

"Nanga ntchito mumagwira yotani, bambo?"

Iwo anafotokoza monyadira, mpaka kugunditsa zala kusonyeza mmene timachubu timalirira. Namwino anaika cholembera pansi.

"Mukuti mumagulitsa magetsi oti azidutsa m'thupi?"

"Ochepa chabe. A mabatire."

"Inuyo amenewo ayi, ngakhale kamodzi. Akhoza kuzimitsa kachipangizoka, akhoza kukawononga, ndipo waya ameneyu akukathera mu ubongo. Musayese."

"Ndiye mwandikonzera dzanja kuti ndizichita nalo chiyani?"

"Muzidyera supu," anatero Doña Eduviges.

Anayesa kamodzi kuzemba. Akazi awo ali kumsika, anagula magolovesi a labala, aja timachapira mbale, n'kunyamula bokosi kupita ku bala limene ankalidziwa zaka zambiri. Mumtima ankati angopotokola basi, zitsulo sagwira. Mawu awo anali atachepa chichitireni opaleshoni, moti poitanira anadalira timachubu tokha. Anthu anawalandira bwino, koma ataona magolovesi achikasu aja, manja onse anabwerera m'matumba.

"Mwini wake akuliopa, ndiye tiligwire ife?"

Tsiku limenelo bokosi anali asanalilawe, ndipo ankadziona ngati wakuba. Anabwerera kunyumba dzuwa likadali pamutu, ndipo ndi tsiku lomwelo limene Doña Eduviges anachotsa mabatire.

Mabala awo anatengedwa ndi Nazario, kompadre wawo, amene anaimirira Marisela paubatizo. Nazario anali mlonda wopuma pantchito. Anagula bokosi latsopano kumsika, lonyezimira, n'kumapotokola kabatani ngati akutsegula mpope. Madandaulo ankafika mpaka kumpanda kwathu, akuti wina anagwetsa tebulo, wina mkono unamuwawa sabata yonse. Don Celerino akamva ankangopukusa mutu n'kupukuta timachubu tawo mwamphamvu.

Loweruka lija tchaja italira kuti yadzaza, anakavala suti yobwereka. Inali yothina pang'ono, ndipo rimoti itaikidwa m'thumba la jekete inatuluka ngati chotupa. Anaisamutsira m'thumba la buluku, n'kumaoneka chimodzimodzi. Anadziyang'ana pagalasi, anaganiza za zithunzi, n'kuiika pamwamba pa firiji. Chipewa chinabisa timatumphu tiwiri ta opaleshoni ta pamutu.

"Ababa, rimoti mwatenga?" anafunsa Marisela pakhomo, manja atadzaza maluwa.

"Ili m'thumba."

Misa itatha tinakwera basi yobwereka kupita ku holo. Inali kutali, tsidya lina la mzinda, chifukwa za kufupi mitengo yake siyogwirika. Kumeneko kunali kutafika kale abale a ku Tlaxcala, amene sanawaone Don Celerino chiyambireni kudwala kwambiri. Patsogolo pawo panali msuweni wawo Chencho, munthu wa mawu aakulu ndi chipewa chachikulu.

"Achimwene, si paja tinamva kuti mukunjenjemera ngati tsamba? Tinatsala pang'ono kukuitanirani wansembe."

Don Celerino anatambasula dzanja. Linali phee. Anatenga botolo, n'kumuthirira Chencho m'kakapu kakang'ono mpaka pamlomo, osataya ngakhale dontho.

"Ndinachira," anatero.

Za waya sananene. Zinali zokoma kumva anthu akuti taonani, munthu uja wabwerera.

Mole anadyedwa, mbale zinayamba kuchotsedwa. Doña Eduviges anali kukhitchini kukangana ndi ophika za nkhuku yotsala, Marisela ali panja kulandira oimba. Ndi pamene kunamveka ngwe ngwe ngwe kuchokera kukhomo. Nazario anali atabweretsa bokosi lake, akuti mphatso yake kwa mwana, lero ndi zaulere. Anthu anathamangirako. Azakhali, atsikana a kusukulu, amalume oledzera pang'ono, onse anagwirana manja, Yatziri ali pakati ndi chidiresi chake chobiriwira.

Don Celerino anakhala pampando wawo chapatali, manja ali pa mawondo. Anaona Nazario akuyang'ana manambala. Anaona dzanja lake likupotokola kamodzin'kamodzi. Mzere wonse unadumpha, azakhali ena okalamba anakhala pansi mwadzidzidzi, kamwana kena kanayamba kulira, Yatziri n'kumapukusa zala nkhope itakwinyika. Nazario yekha ndi amene ankaseka.

Anapezeka ataimirira.

"Kompadre, amenewa ndi anthu, si mabatire a galimoto."

"Inu khalani pansi, kompadre," anatero Nazario motsitsa mawu. "Mukudziwa zimene anakuuzani."

Akanawanyoza, mwina akanabwerera pampando. Koma anawalankhula mwachifundo, ngati polankhula ndi wodwala.

"Kupotokola kokha. Zitsulo sindigwira. Bweretsani."

Lamba analowa m'khosi ngati sanachokemo. Bokosi analitsitsira pamimba, kutali ndi chifuwa, kuti mtima wawo usawatsutse. Anagunditsa timachubu, anthu n'kuombera m'manja. Anayamba ndi azakhali aja anakhala pansi, kuwanyengerera mpaka anabwerera mumzere. Anapotokola pang'ono, ngati nyerere zikuyenda m'zala, anthu n'kuyamba kuseka. Anakwezako, maso ali pa nkhope, kuchoka pa iyi kupita pa iyo. Ataona kamtsikana kena kakuluma mlomo anabweza, n'kunena kuti banja ili ndi la zitsulo, bokosi lagonja. Mzere unakuwa kuti abwerezenso. Yatziri ankaseka mpaka misozi. Chichokereni kuchipatala, nkhope ya Don Celerino inali isanawalepo choncho.

Ulendo wachitatu, kumapeto kwa mzere kunaima Chencho, kwinaku mng'ono wake. Don Celerino anali akuyang'ana nkhope ya mdzukulu wawo, ndiye kutsinzinirana kuja sanakuone. Dzanja lina linawagwira pakhosi, pomwe pamadutsa waya, lina pamkono.

Akuti anaona kuwala, m'kamwa n'kumva ngati aluma chitsulo. Nazario ndi amene analumpha n'kuzula mawaya a bokosi. Holo yonse inali kuseka, Chencho akudzimenya pantchafu.

"Msonkho wa ntchito, achimwene! Simunaiwale?"

Don Celerino anasekako. Anavula lamba bwinobwino, kupereka bokosi, n'kuyenda kupita pampando wawo. Asanafike, chala chachikulu chinayamba. Anachibisa m'thumba. Thumba nalo linayamba kugwedezeka.

Doña Eduviges anatuluka kukhitchini chipande chili m'manja. Anangoyang'ana kamodzi.

"Mwachita chiyani, madala?"

"Palibe."

"Palibe ameneyo ndi amene akugwedeza tebulo?"

Marisela anafika akuthamanga, n'kugwada patsogolo pawo. "Mutu ukupweteka? Mukundiona bwino? Ndine ndani?"

"Ndiwe wovuta ngati mayi ako."

"Mwina chipangizo changozima. Bweretsani rimoti."

Iwo anayang'ana pansi.

"Ababa. Rimoti."

"Ili pa firiji."

Marisela anavula nsapato zazitali, kuvala zamasiponji za mmodzi wa ophika, n'kutuluka kukafuna takisi. Amene amadziwa misewu ya mzinda uno Loweruka masana akudziwa kuti ulendo umenewo si wapafupi. Ali m'takisi anaimbira namwino uja, amene anati akafika aone zimene rimoti ikusonyeza, ngati changozima achiyatse, koma bambowo akayamba kusokonezeka, kumva mutu kapena kufooka mbali imodzi, athamangire nawo kuchipatala osadikira, ndipo zivute zitani Lolemba abwere nawo.

Kuholo nthawi inkayenda. Oimba anaimba nyimbo zina, anthu anavina mosakhazikika, akucheukacheuka. Kunjenjemera kunachoka padzanja kukafika paphewa, msana unayamba kupindika, nkhope inauma ngati ija tinkaidziwa kale. Yatziri anakhala pambali pawo atagwira dzanjalo ndi manja awiri, maluwa a pa diresi lake akugwedezeka nawo. Chencho anaima patsogolo pawo chipewa chili m'manja.

"Koma achimwene, munati munachira."

"Ndinatero."

"Mukanati muli ndi waya m'khosi, ine ndikanayerekeza? Ndimafuna kukukumbutsani zakale."

"Wandikumbutsa. Kakhale pansi."

Kumbuyo kwawo azakhali awiri ankanong'onezana, ndipo kunong'ona kwa anthu okalamba kumamveka mpaka kukhomo. Mwaonatu, ndi bokosi. Tinkanena ife. Don Celerino anafuna kutembenuka kuti awayankhe, koma khosi linakana, ndipo mawu awo sakanapitirira tebulo.

Mkulu wa oimba anabwera mwaulemu kwa Doña Eduviges. Anali ndi ukwati kwina, galimoto inali itawadikira kale. Gule wa mwana akhale tsopano, apo ayi asiye.

"Tiyeni, agogo," anatero Yatziri. "Ndikugwirani ine. Tingoyenda pang'onopang'ono."

Anawathandiza kuimirira. Anaimadi. Koma mapazi anamatirira pansi ngati apondera phula. Anauza mwendo kuti tiye, mwendo osamva. Anthu onse anali atapanga bwalo, mafoni ali m'mwamba. Anayesanso, thukuta likutsika pansi pa chipewa, mpaka anaona kuti akakakamira agwa, n'kumugwetsa mwana pa tsiku lake.

"Ndikhazike."

"Ndiye sindivina."

"Uvina. Mayi ako agwira ntchito chaka chonse chifukwa cha nyimbo imeneyi." Anayang'ana uku ndi uku. Mwambo ndi mwambo, pakasowa bambo ndi agogo, amaimirira ndi kompadre wa pabanja. "Nazario. Siyani chibokosi chanucho, kasambeni m'manja."

Nazario anavina maso ali pansi ngati akufunafuna ndalama yotayika. Anamuponda mwana, anamupondanso, ndipo Don Celerino anaona kuponda kulikonse. Mapazi amene anawayeserera mwezi wonse ankawawerenga mumtima, mmodzi ndi mmodzi, ali pampando. Nyimbo itatha anthu anaombera m'manja. Iwo sanafunikire kuvutika, manja ankadziombera okha pa mawondo.

Marisela anafika matebulo akupindidwa. Anatsegula jekete la bambo ake, kuyandikiza rimoti pachifuwa, n'kuyang'ana. Chinali chitazimadi. Anadina. Pang'ono ndi pang'ono phewa linatsika, dzanja linayamba kuchepetsa, mpaka linagona pa bondo lili phee, lokonzeka kuvina mu holo yopanda oimba.

"Lolemba kuchipatala," anatero Marisela. "Ndikapemphanso tsiku kuntchito." Anaika rimoti m'thumba la jekete lomwe lija, n'kulimenya pang'ono ndi chikhatho. Don Celerino akuti bola akanawakalipira.

Lolemba anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Anawayeza, kuyeza kachipangizo, kuyeza mawaya. Zonse zinali bwino. Dokotala anati achita mwayi, ndipo mwayi woterowo asaudalire. Namwino uja anawapeza akuvala malaya.

"Bambo a tokes. Ndinakuuzani chiyani?"

"Sindinagwire ine. Anandigwira."

"Magetsi safunsa kuti wayamba ndani."

"Ndinangofuna kuwaonetsa kapotokoledwe."

"Ndiye mwawaonetsa."

Chichokereni tsiku limenelo mawu oti ndinachira sanatulukenso pakamwa pawo. Mlendo akangolowa mumpanda, asanakhale n'komwe, amayamba amuonetsa khadi, kutsegula batani la malaya, kumugwiritsa chala pakhosi kuti amve waya. Amachita zimenezi mokwiya, ngati mlendoyo ndi amene analakwa. Rimoti imayenda m'kachikwama ka m'chiuno kamene anawasokera Doña Eduviges, ndipo amakatcha mchira. Zithunzi za phwando zitabwera, chachikulu chinali cha gule, Yatziri ndi Nazario. Marisela anachipachika pakhoma chifukwa mwanayo anaoneka bwino, Don Celerino n'kutembenuza mpando wawo kuti uziyang'ana kukhomo.

Lamlungu lina Yatziri anaika nyimbo ija pa foni, n'kuwakoka kupita pabwalo. Anavina yonse osaponda ngakhale kamodzi. Doña Eduviges anapukuta maso ndi epuloni.

"Mwaona, madala? Mwavina."

"Eya. Mabulangete ndi zovala zamkati za aneba athu a Doña Chayo zaonerera."

Zambiri za m'nkhaniyi anandiuza okha, ine ndikuchapa matewera, iwo akutchaja, poti tonse awiri sitikhala ndi kothawira. Zina ndinaziona ndekha, chifukwa kuphwando kuja ndinali mmodzi wa operekera mbale, mwana ali kumbuyo. Anadziwa kuti ndikuzilemba, ndipo sanakane.

Sabata yatha, m'mawa, ndikusambitsa mwana m'beseni, ndinamva kugogoda. Anali iwo, bokosi lili m'manja, lamba atalikulungiza, timachubu tili m'masokosi akale. Analowa osadikira, n'kuliika patebulo.

"Mabatire ndinawapeza kalekale," anatero. "Ali m'chitini cha nyemba, pansi penipeni. Mayi akuganiza kuti sindidziwa. Dzulo iwo ali kutchalitchi ndinawaika m'bokosi. Ndinakhala nalo pamiyendo, zitsulo zili patebulo, ndikuziyang'ana. Ndinkangofuna kulilawa, mwana wanga, pang'ono pokha, ndidziwe ngati likadali ndi mphamvu. Ndinawabwezera m'nyemba, koma mawa sindikudziwa."

Ndinawafunsa ngati sakanangoligulitsa. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti agulitse Marisela.

"Uliike pamwamba pa kabati yako, kumene ana sangafike. Ndikabwera kudzalipempha, usandipatse. Ndidzabwera ndithu, ndipo ndidzabwera ndi mawu okoma, ndine wamalonda ine. Udzandiuze kuti unataya kiyi. Nazario akalifuna, umuuze kuti linapsa. Timachubuto uzitipukutako nthawi ya mvula, timachita dzimbiri." Anaika chikhatho pa thabwa lija, dzanja lili phee, n'kuchichotsa. "Ndipo m'zolemba zakozo, za gule ulembe mmene zinalili, ndinapusa ndine. Koma ulembe kuti si bokosi limene linandidwalitsa. Ulembe pooneka, kuti ngakhale a pochapirawa akawerenge."